Mutu 5: Foni ya Amalume pa Phiri la Mulanje

1. Kalata

Zelipa Makwinja anatuluka pageti la sukulu akuthamanga, kalata ili m'manja. Anadumpha ngalande, anapyola pakati pa ogulitsa makala pamsika wa Ndirande, ndipo anafika pashedi ya amalume ake ali wefuwefu.

"Ankolo, anditenga! Dzina langa lilipo!"

A Ackson anaimitsa puleni n'kupukuta utuchi pamphuno.

"Akutenga ndani? Apolisi?"

"Aaa, inunso! Kalabu ya zachilengedwe. Loweruka tikupita ku Mulanje. Mu Fomu 3 monse asankha anthu khumi okha. Tikukakwera phiri, tikaone mikungudza yakalekale."

A Ackson anali kalipentala. Ndi amene anamulera Zelipa kuyambira pamene mayi ake anamwalira, iye ali mu Sitandade 2. Mtsikanayo anakulira mu utuchi. Asanadziwe kuwerenga bwino, ankatha kale kusiyanitsa thabwa la mlombwa ndi la paini pongolinunkhiza.

A Ackson anawerenga kalatayo kawiri.

"Mikungudza? Anthu amati inatha. Ndiye ilipo?"

"Madamu akuti yatsala yowerengeka, pamalo obisika. Akudziwa njira ndi agogo ena otsogolera alendo."

"Mkungudza," anatero a Ackson, akusisita thabwa la paini lomwe ankapala. "Puleni imangoterereka yokha. Chiswe sichiyandikira. Fungo lake limakhala m'nyumba mpaka adzukulu."



Lachisanu madzulo, atatseka shedi, a Ackson anamuitana Zelipa. Anamupatsa jombo zawo za kuntchito ndi masokosi awiri okhuthala.

"Nsapato zako za kusukuluzo zikakusiya panjira. Vala izi. Kutsogoloko uikeko nyuzi."

Zelipa anaziyesa n'kuyenda nazo uku ndi uku pakhonde, akuseka. Kenako amalume akewo anatulutsa foni yawo yaikulu ija n'kumuonetsa.

"Taona. Ukakaima patsinde pa mtengowo, udine apa. Foni isunga malowo, ngakhale kulibe netiweki. Basi. Zinazo ndi za akuluakulu."

Kuseka kuja kunatha.

"Mukufuna mukadule?"

"Ine ndi msana wangawu ndingakwere phiri? Alipo anyamata odziwa ntchito yake. Umodzi wokha, Zeli. Pali bwana wina akumanga ku Kameza, akufuna zitseko za mkungudza nyumba yonse. Ntchito imeneyo nditaigwira ine, shedi yodonthayi tiyiiwala. Mitengo imagwa yokha kuphiriko n'kuwolera pomwepo. Si bola ipindulire munthu?"

"Koma Madamu anati…"

"Anakulera ndi Madamu?"

Zelipa anayang'ana jombo zija. Analandira foniyo ndi manja awiri n'kuiika m'chikwama.

2. Si mtambo

Minibasi inanyamuka pasukulu m'mamawa, ogulitsa mandasi akungoyatsa mbaula. Madamu Msowoya, mphunzitsi wa Bayoloje amene ankayang'anira kalabuyo, anawerenga mitu kawiri asanatseke chitseko.

Lumbani, mnyamata waphokoso kuposa onse m'kalasi, anali atavala nsapato zoyera mbee zomwe anabwereka kwa mkulu wake. Atangoona mapazi a Zelipa anakuwa.

"Zeli, wavala mabwato? Ukufuna ukawoloke nawo mtsinje wa Nasolo?"

"Musiye," anatero Hidaya, mnzake wa Zelipa wa padesiki. "Zako zoyerazo tikaziona pobwera."

"Ine phiri sindiliopa, aise. La Ndirande ndimakwera ndi mapatapata, chinangwa chili kumanja."

Anadutsa Limbe akuimba, n'kulowa msewu wa Midima akumenya mipando ngati ng'oma. Ambiri mwa iwo anali asanapiteko kutali kuposa pamenepo. Dzuwa litatuluka, Hidaya analoza kutsogolo.

"Taonani mtambo uwo kukula kwake!"

"Si mtambo," anatero dalaivala. "Ndi kumene mukupitako."

Nyimbo inaduka. Onse anaunjikana mbali imodzi ya minibasi mpaka dalaivala anadandaula. Thanthwe lotuwa linali litadzaza windo lonse, mutu wake osaoneka.

"Mayo ine!" anatero Lumbani chapansipansi.

Pa Likhubula, patsinde pa phirilo, anapeza nkhalamba yaifupi ikuwadikira. Inavala kofiya yoyera, ndodo kumanja, thumba la ufa lopanda kanthu lili paphewa. Madamu anati amenewo ndi a Majidi, owatsogolera.

"Madala awa pobwera tiwabereka," ananong'ona Lumbani.

A Majidi anawayang'ana mmodzimmodzi, kuyambira kumapazi.

"Mverani, adzukulu. Ine ndimayankhula kamodzi. Phiri ili si la kwanu lija, lomwe ukasochera umangotsetsereka n'kukapezeka pa Makata. Kuno ukatsika njira yolakwika umapezeka pamwamba pa phompho. Wina asandipitirire. Wina asatsalire kumbuyo kwa aphunzitsi. Nkhungu ikatsika, khala pomwe ulipo, ngakhale ukumva mnzako akuitana chapafupi. Madzi imwani a mumtsinje woyenda. Chomaliza: tikafika pamwamba, mafoni onse alowa m'thumba ili. Chifukwa chake ndikakuuzani komweko."

Zelipa anakumbatira chikwama chake.

Madamu anauza mtsikana wina kuti apemphere. A Majidi anadikira mpaka onse anati ameni. Ndipo iwo anati, "Bisimila," n'kuyamba kukwera.

3. Thumba

Ola loyamba ankathamangitsana. Lachiwiri ankayenda. Lachitatu ena ankakwawa ndi manja omwe.

A Majidi sanasinthe mayendedwe. Phazi, ndodo, phazi. Akafika pathanthwe ankaima n'kuwadikira, osapuma n'komwe mwamphamvu.

Lumbani anali ataterereka m'matope kawiri. Nsapato zija zinasanduka zofiira. Pokwera mwala wina waukulu, a Majidi anamutambasulira ndodo n'kumukoka.

"Paja mumati mubereka ndani, achimwene?" anafunsa Hidaya.

"Iwe, ndikusunga mphamvu za pobwera."

Anamwa madzi pamtsinje wina, ozizira mpaka mano kuwawa. Anatsukamo kumaso akukuwa. Atacheuka, anaona dziko lonse litayalidwa pansi pawo: minda ngati zigamba za chitenje, msewu ngati ulusi, galimoto ngati nyerere.

"Ndirande ili kuti?" anafunsa wina.

"Siioneka, yabisika ndi utsi wa mbaula zanu," anatero Madamu, nawonso akuseka.

Anzake ali kalikiliki kulozerana, Zelipa anakhala kuseri kwa mwala ngati akumanga zingwe za jombo. Anatulutsa foni ya amalume ake m'chikwama n'kuilowetsa m'sokosi. Jombozo zinali zazikulu. Inakwana bwinobwino.

Dzuwa lisanafike paliwombo anatulukira pamwamba. Iwo ankayesa kuti pamwamba pa phiri ndi posongoka. Anapeza dambo lalikulu laudzu, timitsinje tikuyenda, maluwa achikasu ali mbwee, ndi mapiri ena ataima pamwamba pa phirilo.

"Kuno kungakwane Ndirande ndi Chilomoni pamodzi!" anakuwa Hidaya, akuthamanga manja ali m'mwamba. Ena anamutsatira. Madamu anawasiya.

Atadya mbatata ndi mazira owiritsa, a Majidi anatsegula thumba lija.

"Apa tisiya njira ya alendo. Tsopano mverani. Chaka china ndinabwera ndi anyamata awiri ophunzira bwino, aulemu. Ndinawaonetsa mikungudza iwiri kutsidya uko. Anajambula, anasangalala, anandithokoza. Atafika kwawo anaika zithunzizo pa intaneti, pamodzi ndi malo ake. Sanali anthu oipa. Ankangofuna anzawo aone. Patapita masabata atatu ndinapeza zitsa ziwiri, utuchi ukadali kununkhira. Kuyambira tsiku limenelo, foni siidutsa mwala uwu. Maso ndi amene adutse. Amene sangasiyane ndi foni yake atsale pano, timupeza pobwera. Sindimukwiyira."

Madamu anayamba kuponyamo yawo. Ana anatsatira. Lumbani anaipsompsona yake kaye. Zelipa anatulutsa kafoni kake kamabatani n'kukaponyamo.

A Majidi anawerenga. Mafoni khumi ndi imodzi, anthu khumi ndi mmodzi. Anamanga thumbalo n'kulibisa pansi pa mwala.

"Tiyeni."

4. Zitsa

Anayenda mu udzu wofika m'chiuno. Njira panalibe. A Majidi ankangoyang'ana miyala n'kukhota.

Kenako analowa pamalo otsetsereka pomwe panali zitsa zokhazokha. Zina zinali zakuda ndi moto, zina zotuwa ndi mvula. Zinayambira pomwe anaimapo mpaka kutsidya kwa khwawa.

"Muno munali mdima masana," anatero a Majidi. "Ukalowa, chipewa chimagwa poyang'ana kumwamba."

Anaima pa chitsa china chachikulu ngati tebulo la mu ofesi ya ahedi. Anachotsa ndere ndi mpeni n'kuonetsa mizere yozungulira.

"Mzere umodzi, chaka chimodzi. Ndani amakhoza masamu?"

Lumbani anagwada n'kuyamba kuwerenga ndi kamtengo. Anzake ankamuthandiza mokweza. Atafika pa handiredi ndi fifite anasokoneza, ndipo pakati panali pakadali patali.

"Ndiye kuti unamera agogo a agogo anga asanabadwe!" anatero.

"Wadula ameneyu ndi mfiti," anatero Hidaya.

"Ndine," anatero a Majidi.

Hidaya anagwira pakamwa.

"Usachite manyazi, mwanawe. Ndinadula ndine, ndi mlamu wanga. Tinakumba dzenje apo, iye pansi ine pamwamba, macheka pakati. Masabata awiri. Matabwa tinatsitsa pamutu, limodzilimodzi, njira yomwe mwakwera ija. Ndinkati mtengo umodzi si kanthu. Mlamu wanga ankatero. Anzathu a kutsidya ankatero. Aliyense ankadula umodzi wokha. Taonani umodzi wokhawo pomwe unatifikitsa. Ndipo musaganize kuti ndinalemera. Nyumba yanga ndi yofolera udzu mpaka lero. Amene anagula matabwawo dzina langa salidziwa. Chimene ndinatsala nacho ndi khosi lowawa mwezi wa Juni."

Zelipa anasuntha phazi. Foni ija inali itatentha pakakolo.

A Majidi anapatula udzu ndi ndodo. Pansipo panali kamtengo kobiriwira, kofika m'bondo, masamba ake ofewa ngati nthenga.

"Uwu ndi mkungudza. Tinadzala ndi anzanga a kunazale zaka zitatu zapitazo. Ilipo yambiri mu udzumu, yang'anani popondapo. Inu simudzaiona itakula ngati chitsa ichi. Ngakhale ana anu. Koma wina adzaiona."

Kuchokera pamenepo ana aja ankayenda monyang'ama ngati pali mazira.

5. Itatu

Fungo ndi limene linayamba kuwapeza. Zelipa analimva asanaone kanthu. Linali lokoma, lolowa mpaka kukhosi.

Anatsikira m'khwawa lakuya, akugwira mizu ndi miyala. Atazungulira thanthwe lina, a Majidi anaima n'kuvula kofiya.

Mikungudza itatu inali itaima pamenepo.

Mitengoyo inakwera mowongoka, yopanda nthambi, mpaka kupitirira milomo ya khwawalo. Makungwa ake anali okhuthala, ong'ambikang'ambika. Kumwamba, ndere zotuwa zinkalendewera kunthambi ngati ndevu.

Kenako phokoso linabuka.

"Eee! Eee! Abale!"

"Gwira dzanja langa, tiuzungulire!"

Pamtengo wapakati, waukulu kuposa inayo, panafunika ana anayi kuti manja akumane. Lumbani anagona chagada kuti aone nsonga yake. Hidaya anaika tsaya pakhungwa n'kutseka maso. Madamu Msowoya, amene anaphunzitsa za mtengowu zaka zisanu ndi zitatu kuchokera m'buku, ankangopukuta magalasi.

Zelipa anazungulira kuseri kwa mtengo waukuluwo. Anawerama, anatulutsa foni, anadina pomwe anamuonetsa paja. Foni inanjenjemera kamodzi. Malo anali atasungidwa. Anaibwezera m'sokosi.

Ataimirira, dzanja lake linachita zomwe linazolowera kushedi. Anagogoda thunthulo katatu ndi nkhonya, khutu lili pafupi, kuti amve ngati lili ndi mphako. Anabwerera m'mbuyo, anatsinzina diso limodzi, n'kuliyang'ana kuyambira pansi mpaka kunthambi yoyamba.

"Matabwa sikisite," anatero mokweza asanazindikire. "Osawerengera zigwagwa za m'mphepete."

Lumbani anafa nacho chiseko.

"Mwamumva Zeli? Ife tikuona mtengo, iye akuona mabenchi!"

A Majidi sanaseke. Anabwera pafupi.

"Kugogoda kumeneko anakuphunzitsa ndani?"

"Ankolo anga, agogo. Ndi akalipentala."

"Wati angati?"

Zelipa anayang'ana pansi. "Sikisite."

"Sikisite faifi. Ndinawerenga kale ine, macheka ali paphewa. Chinaupulumutsa ndi khwawa ili, tinasowa pokumba dzenje. Koma anyamata a masiku ano sakumba dzenje. Amabwera ndi makina, tsiku limodzi basi." Anatembenukira kwa onse. "Musamuseke. Ukalipentala si tchimo. Tonsefe timagona pabedi, ndipo tsiku lina ambiri a inu mudzagona m'bokosi. Diso lake ndi labwino. Koma pali masamu ena amene kushedi saphunzitsa. Timitengo mwaona mu udzu tija tinachokera kuti? Mkungudza suphukira pachitsa ngati bulugamu. Umafuna njere. Njere za nazale yathu zimachokera pamitengo itatu iyi, makamaka uwu. Ukagwa, si matabwa sikisite faifi okha amene atsike phiri. Atsika pamodzi ndi mitengo yonse yomwe sinabadwe. Zitseko zake zidzakhala zokongola, inde. Koma chitseko sichibereka."

Anatulutsa kansalu m'thumba la malaya n'kumupatsa Zelipa.

"Maso anga ayamba chifunga. Iwe uli ndi dzanja lodziwa mtengo. Kwera pathanthwe apo, nthambi yotsika ija uyifikira. Uthyole tizipatso touma tokha, tomwe tayamba kuyasama. Tatiwisi usiye."

Zelipa anakwera. Anzake ankamulozera kuchokera pansi.

"Ako kali kumanzereko! Ayi, kamwambako!"

Anathyola khumi ndi tiwiri. Atatsika, a Majidi anagogoda kamodzi pachikhatho chake. Panagwa tinjere takuda tokhala ndi timapiko, topepuka moti anachita kutchinga mphepo ndi dzanja linalo.

"Sunga ndiwe mpaka pansi," anatero a Majidi. "Usapatse wina."

Anatembenuka kuti azipita.

"Agogo," anaitana Zelipa.

A Majidi anaima.

Zelipa anamanga kansalu kaja n'kukapatsira Hidaya kuti amugwirire. Anawerama n'kutulutsa foni m'sokosi.

"Hiii!" anatero Lumbani. "Kazitape!"

"Zelipa Makwinja!" anakalipa Madamu. "N'chiyani chimenecho?"

"Ndi ya ankolo, Madamu. Anandituma kuti ndisunge malo ano. Ndasunga kale. Akufuna atumize anthu adzadule umodzi."

Madamu anatambasula dzanja kuti alande foniyo. A Majidi anawaletsa ndi ndodo.

"Aphunzitsi, dikirani. Mukalanda inu, mawa adzabisa bwino kuposa lero." Anayang'ana Zelipa. "Mwanawe, ine za mafoni sindizidziwa. Ukhoza kudina paliponse n'kundiuza kuti wafufuta, ine n'kuvomera. Ndiponso amalume ako ndi amene amakudyetsa, ine sindikudyetsa. Ukafika kwanu ukakumana nawo wekha, ife kulibe. Ndiye usachite poopa ine kapena aphunzitsi. Chita chomwe ukathe kuchiimirira pamaso pawo."



Zelipa anatsegula foniyo n'kuitembenuza kuti Madamu ndi Hidaya aone. Kadontho kofiira kanali pomwepo. Anakadina. Foni inafunsa ngati akutsimikiza. Anadinanso. Kadonthoko kanazimirira.

"Kapita," anatero Hidaya. "Agogo, kapitadi!"

A Majidi anavala kofiya yawo. Anatenga kansalu kaja kwa Hidaya n'kukabwezera m'manja mwa Zelipa.

"Ndinati usapatse wina," anatero.

6. Pansi pa phiri

Kutsika kunali kwa chisangalalo. Anatenga mafoni awo pansi pa mwala uja, ndipo foni ya a Ackson inayenda m'chikwama cha Madamu mpaka anafika pansi pa phiri. Miyendo inkanjenjemera, koma pakamwa sipanatope.

"Lolemba ndikawauza kuti tinauzungulira anthu teni," anatero Lumbani.

"Anayi," anatero Hidaya.

"Iwe, analipo ndani? Chithunzi chilipo?"

Kenako anabwera pambali pa Zelipa, akutsimphina.

"Zeli, za kazitape zija ndimangocheza. Koma ankolo akowo ndimawadziwa. Ukawauza chiyani?"

"Zomwe ndachita."

"Bwanji ungonena kuti batire inatha?"

Zelipa anapukusa mutu.

Anafika pa Likhubula dzuwa litapendeka. Zelipa anapereka njere zija kwa a Majidi, ndipo iwo anaziwerenga pachikhatho n'kugwedeza mutu. Anatsanzikana ndi aliyense pogwirana chanza, n'kulowera njira ya kunazale.

Madamu anam'bwezera Zelipa foni ija.

"Za kubisa foni tikakambirana Lolemba. Za kufufuta, wachita bwino. Anthu inu, mphindi khumi zogula nthochi, kenako m'galimoto!"

Zelipa anali akusankha nthochi pamene anamva mluzu womwe ankaudziwa. Anacheuka. Kuseri kwa kagolosale, pansi pa mtengo wa mango, panaima a Ackson, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Pambali pawo panakhala amuna awiri achilendo, a mapewa otambalala. Mmodzi anali atatsamira chinthu chachitali chokulungidwa m'chiguduli. Pansi pake panali chigubu cha petulo.

Anapita.

"Ankolo, mwabwera?"

"Ndinalephera kudikira," anatero a Ackson, nkhope ili ngwee. "Ndakwera minibasi ya teni koloko. Awa ndi anzanga ndimanena aja, kwawo n'konkuno. Wayenda bwanji? Jombo zakuthandiza? Ilipodi?"

"Ilipo."

"Ingati?"

Zelipa anapereka foniyo ndi manja awiri. A Ackson anaitsegula, anadina, anadinanso. Anaiyandikiza kumaso.

"Palibe kanthu apa. Unaiwala podina?"

"Sindinaiwale. Ndinasunga, kenako ndinafufuta."

"Unatani?"

"Ndinafufuta, ankolo. Mitengo imene ija ndi yomwe ikupereka njere. Ikagwa…"

Mmodzi wa amuna aja anaseka n'kulavula pansi.

"Achimwene, mwatiyendetsera ulere. Mwana wanuyu amudyetsa mawu a Majidi."

A Ackson anayang'ana foniyo, n'kuyang'ana mwana wa mlongo wawo. Sanakalipe. Anaika foniyo m'thumba la jekete pang'onopang'ono.

Kumsewu minibasi inaliza hutala. Madamu anali pachitseko, akuwerenga mitu.

"Naini! Watsala ndani? Zelipa!"

Zelipa anatembenuka kuti azipita. A Ackson anamugwira pamkono.

"Foni yaiwala," anatero. "Koma miyendo yakoyi siinaiwale. Madamu ndikawauza ndine kuti ukugona kwa achibale konkuno. Mawa m'mamawa utitsogolera."

"Zelipa Makwinja!" anaitananso Madamu.

Zelipa anayang'ana dzanja lomwe linamugwiralo, lokhala ndi zipsera za tchizulo, dzanja lomwe linamulera.

"Ankolo," anatero, "ndisiyeni. Kumeneko sindikutsogolerani."

Dzanjalo silinamasuke. Ndipo Madamu Msowoya anali atatsika m'minibasi, akubwera.